Kuyenda wapansi mu Old Town ya Lilongwe kuti mtima ulimbe

Anthu ambiri mu Lilongwe amayenda wapansi tsiku lililonse, koma si kuyenda konse kumene kumafika pamtima. Mukachoka pa depoti kupita ku Bwalo la Njobvu, apa mwaima kufunsa mtengo wa nsapato, apo mwapatsana moni ndi mnansi, patsogolo mukudikira minibasi idutse, miyendo imatopa ndithu koma mtima umakhala sunagwire ntchito yoposa ya masiku onse. Kuyenda kolimbitsa mtima n'kwa ndawala, kosaimaima, kwa nthawi yoyezedwa, ndipo kumabwerezedwa sabata ndi sabata. Old Town ndi malo oyenera zimenezi chifukwa cha mmene inakhalira. Mtsinje wa Lilongwe uli m'munsi, tauni inakwera mbali zonse ziwiri, moti aliyense wochoka pamlatho amakumana ndi chitunda, afune asafune.

Gawo loyamba: kayezetseni musanayambe

BP yokwera siipweteka. Munthu amatha kukhala nayo zaka zambiri akudzimva bwinobwino. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Choncho musayambe ndi nsapato, yambani ndi kuyezetsa. Chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu amachitchulabe kuti Bottom, chili mu Old Town momwemo, ndipo zipatala zing'onozing'ono ndi mafamase ambiri ali ndi makina oyezera.

Poyezetsa khalani pansi mphindi 5 kaye, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi chifuwa. Musayezetse mutangomwa khofi, mutangosuta kapena mutangofika ndi phuma. Lembani manambala onse awiri, yapamwamba ndi yapansi, m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake.

Manambala akakhala pansi pa 140/90 ndipo mulibe matenda ena, yambani mawa lomwe. Akakhala 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, imeneyo ndi BP yokwera. Kuyenda kudzakuthandizani, koma onanani ndi adokotala kuti aone ngati mukufunika mankhwala. Akafika 180/110, musayende ndawala tsiku limenelo, pitani kuchipatala. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, amene amamva kupweteka pachifuwa akamakwera mtunda, otupa miyendo, odwala impso, odwala shuga amene amabaya insulini, ndi amayi oyembekezera amene anauzidwa kusikelo kuti mimba yawo ili ndi vuto, onsewa afunse kaye achipatala mlingo wowayenera.

Gawo lachiwiri: dziwani mlingo wake

WHO imati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi a mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kuwerengera kosavuta ndi mphindi 30 pa tsiku, masiku 5. Kugawa n'kololedwa: mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo zimawerengedwa chimodzimodzi. Kuunjika zonse Loweruka n'kukhala sabata yonse pampando kumathandizako, koma kugawa n'kwabwino koposa pa BP, chifukwa BP imatsika kwa maola angapo munthu akangomaliza kuyenda, kenaka n'kubwerera. Kuyenda pafupifupi tsiku lililonse ndiko kumachititsa kuti kutsikako kukhalitse. Kwa odwala BP amene amayenda mosadumphitsa, nambala yapamwamba ija imatha kutsika ndi 5 mpaka 8, zimene si zochepa.

Nkhani yaikulu ndi liwiro, ndipo pali njira zitatu zoliyezera.

Yoyamba ndi ya pakamwa. Pa liwiro loyenera mumatha kulankhula ndi mnzanu ziganizo zathunthu, koma simungathe kuimba nyimbo ya kwaya osadukiza. Ngati mukuimba bwinobwino, onjezani liwiro. Ngati mawu akutuluka awiriawiri chifukwa cha wefuwefu, chepetsani. Njira imeneyi ndi imene tikuilimbikitsa kwambiri, poti siifuna wotchi ndipo siinama ngakhale kwa omwa mankhwala.

Yachiwiri ndi kuwerenga mapazi. Anthu ambiri amafika pa mphamvu yapakatikati akamaponda ka 100 pa mphindi imodzi. Yang'anani wotchi kwa masekondi 15 n'kuwerenga: mapazi 25 ndiye kuti muli pamzere. Pa liwiro limeneli mphindi 30 zimakupatsani mapazi pafupifupi 3,000 ndi mtunda wa makilomita awiri kapena awiri ndi theka.

Yachitatu ndi kugunda kwa mtima. Ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, werengani kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ka 4. Musagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Kuti mudziwe malire anu, chotsani zaka zanu pa 220, ndipo poyenda mtima uzigunda pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya nambala mwapezayo. Wa zaka 40 akhale pakati pa 90 ndi 126 pa mphindi, wa zaka 50 pakati pa 85 ndi 119, wa zaka 60 pakati pa 80 ndi 112. Masamu amenewa ndi ongoyerekeza, ndipo sagwira ntchito kwa amene akumwa atenolol kapena propranolol, chifukwa mankhwala amenewa amaugwira mtima kuti usathamange. Wakumwa zimenezi akamalimbana kuti afike pa 110 adzadzipweteka chabe. Iyeyo atsatire njira ya pakamwa ija.

Gawo lachitatu: nsapato, ndi zina zochepa

Ndalama yokhayo yofunika kuwononga ndi ya nsapato, ndipo ya pa kaunjika ku Tsoka ndi yokwanira bola muisankhe bwino. Kayeseni masana kapena madzulo, popeza phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, ndipo muvale sokosi zimene muziyenda nazo. Pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato patsale mpata wa chala chachikulu cha kudzanja chopingasa. Itembenuzeni muone kunsi: ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, isiyeni, chifukwa idzakupotozani phazi potengera kayendedwe ka mwini wake woyamba, ndipo ululu wake udzatulukira m'bondo. Ipindeni ndi manja. Yabwino imapindika kutsogolo pomwe zala zimapindikira, osati pakati. Finyani kumbuyo kogwira chidendene, kukhale kolimba. Lowetsani dzanja m'kati mufufuze msoko wotukuka kapena msomali.

Patapata, masilipasi ndi nsapato za pulasitiki ayi. Zala zimakhala zikukanirira kuti nsapato isavuke, ndipo pakatha sabata ziwiri pansi pa chidendene pamayamba kulasa m'mawa podzuka.

Zovala zikhale zopepuka ndi zowala, kuti madalaivala ndi akabaza azikuonani kukadali chisisira. Amayi ovala chitenje achimange momasuka kapena avale buluku m'kati n'kuchikweza pang'ono, chifukwa chitenje chothina m'miyendo chimafupikitsa mapazi ndipo liwiro silikwana. Tengani botolo la madzi la theka la lita, chipewa, ndalama ya minibasi yobwererera mutatopa, ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina lanu, nambala ya wachibale ndi mankhwala amene mumamwa. Odwala shuga awonjezere maswiti anayi. Foni ikhale m'thumba la m'kati, ndipo zomvera nyimbo za m'makutu zisiyeni kunyumba: njinga yamoto imatulukira kumbuyo pa njira ya oyenda pansi, ndipo khutu ndilo limakupulumutsani.

Gawo lachinayi: sankhani ola

Old Town imasintha nkhope ndi ola. Nthawi yabwino ndi kungocha mpaka cha m'ma 7 koloko, mavenda asanayale malonda ndipo magalimoto asanathinane pamlatho. Mu November ndi December kumacha 5 koloko itangodutsa, pomwe mu June ndi July dzuwa limatuluka cha m'ma 6. Musanyamuke kukadali mdima, makamaka kufupi ndi mtsinje. Lamulungu m'mawa ndiye tsiku la mwanaalirenji, misewu imakhala pululu.

Kuyambira September mpaka mvula itagwa, pewani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Kukatentha mtima umagwira ntchito ziwiri, kutumiza magazi ku minofu ndi kutumiza ena kukhungu kuti thupi lizizire, ndiye umagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija. Miyezi yomweyi ndi ya fumbi ndi utsi wa zinyalala zotenthedwa, choncho a mphumu ayende ndi mankhwala awo opopera. M'miyezi yozizira ya June ndi July mitsempha imafinyika ndi chisanu ndipo BP imakwerako, ndiye valani juzi yoti muvule mukatenthedwa ndipo muyambe pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo. M'dzinja mvula yambiri imabwera masana, chomwe ndi chifukwa chinanso choyendera m'mawa. Kukayamba ziphaliwali lowani m'sitolo, osati pansi pa mtengo.

Amene amaweruka 5 koloko akhoza kuyenda madzulo, koma asankhe misewu ya m'kati. M'mbali mwa M1 pa ola limenelo mumapuma utsi wa magalimoto oima pamzere, ndipo munthu woyenda ndawala amakoka mpweya wambiri kuposa wokhala m'galimoto.

Gawo lachisanu: njira zake

Kuti mumvetse chifukwa chimene mbali ziwiri za mtsinje zimasiyanirana poyenda, kumbukirani mmene tauniyi inayambira. Lilongwe inakhala boma la atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'dera la mfumu Njewa. Inakula m'zaka za m'ma 1920 pamene ulimi wa fodya unafalikira m'chigawo chapakati ndipo misewu ikuluikulu inakumana pano, kenaka inavomerezedwa kukhala tauni mu 1947. Maofesi a boma ndi nyumba za azungu zinali kuzambwe kwa mtsinje, kumene lero ndi Area 3 ndi Area 4. Masitolo a amwenye, msika ndi malo okhala anthu akuda zinali kuvuma, ku Area 1 ndi Area 2. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, maofesi atsopano anamangidwa kutali ku City Centre ndi Capital Hill, tauni yakale n'kutsala ndi maonekedwe ake. N'chifukwa chake mpaka lero tsidya lina kuli mipanda ikuluikulu, mitengo ndi bata, tsidya linalo kuli makonde a masitolo ndi piringupiringu.

Njira zonse zili m'munsizi muziziyeza ndi wotchi. Ngati mwakonza mphindi 20, pitani mphindi 10 n'kutembenuka pamene mwafikapo. Mukatero simudzapezeka muli kutali mphamvu zitatha.

Njira ya oyamba kumene ndi ya m'kati mwa Area 3. Misewu monga Barron Avenue, pomwe pali sukulu ya Bishop Mackenzie, Colby Road ndi Laws Avenue ili ndi mthunzi, magalimoto ndi ochepa kupatula nthawi yosiya ndi kutenga ana kusukulu, ndipo zitunda zake n'zofatsa. Maina ake okha ndi mbiri: Geoffrey Colby anali bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1948 mpaka 1956, Robert Laws ndi mmishonale uja wa ku Livingstonia. Mu September ndi October mitengo ya jakaranda imachita maluwa, koma maluwa ogwa akanyowa amaterera pa tala, pondani mosamala. Vuto la kuno ndi agalu otuluka pageti losatsekedwa. Galu akakulondolani musathamange, imani, muyang'ane cham'mbali, n'kubwerera pang'onopang'ono. Akakulumani, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Njira yachiwiri ndi ya Glyn Jones Road, msewu wotchedwa dzina la bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Yambirani pa Town Hall n'kulowera cha ku Likuni, kudutsa tchalitchi cha Anglican cha St Peter's ndi bwalo la gofu. Mukuchoka kumtsinje, ndiye popita mukukwera pang'onopang'ono, pobwera mukutsika. Kakonzedwe kameneka n'kabwino chifukwa ntchito yolemera imabwera miyendo ikadali ndi mphamvu. Magalimoto a ku Likuni amathamanga, choncho khalani kunja kwa tala.

Njira yachitatu ndi ya amene azolowera. Kuchokera pamlatho wa Lilongwe tsatirani Kamuzu Procession Road kukwera kudutsa positi ofesi ndi Lilongwe Hotel kulowera ku Crossroads, pomwe msewu wa ku Mchinji umapatukira. Apa mpamene mtima umagwiradi ntchito. Pokwera fupikitsani mapazi koma musachepetse kaponyedwe kake, weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera mu akakolo osati m'chiuno, ndipo yesani kulankhula chiganizo chimodzi mphindi ziwiri zilizonse. Chikakanika, chepetsani. Potsika musadzisiye kuti thupi likukokeni, chifukwa mawondo amapwetekera kwambiri potsika kuposa pokwera. Pondani mofewa, bondo litapindika pang'ono.

Tsidya la kuvuma, kudutsa mzikiti waukulu, Bwalo la Njobvu, Malangalanga Road mpaka ku Lilongwe CCAP, ndi kumene kuli moyo weniweni wa tauni yakale, ndipo makonde ena a masitolo akadali a kalekale. Koma pakati pa sabata simungayendeko ndawala. Mumangoima, kupatuka, kupepesa. Kusungireni Lamulungu m'mawa, ndipo pitani awiri kapena atatu. Timilatho tamitengo tolipiritsa tolumikiza misika ya Tsoka ndi Lizulu si njira ya masewera. N'topapatiza, timagwedera, ndipo mtsinje ukadzaza m'dzinja timakokoloka. Wolokerani pamlatho waukulu.

Pamene palibe njira ya oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja kwa msewu. Magalimoto kuno amayenda kumanzere, ndiye mukakhala kumanja mumayang'anizana nawo ndipo mumaona zimene dalaivala akuchita. Maso aziona mamita angapo kutsogolo, chifukwa ngalande zambiri n'zosavundikira ndipo zivundikiro zina zinathyoka pakati. Mvula ikagwa musaponde chithaphwi chimene simukuona pansi pake.

Amene amakhala kutali, ku Area 25, Kawale, Chinsapo kapena Area 36, sakufunika ulendo wapadera. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike, muyende mphindi 15 zotsalazo mwandawala, madzulo muchitenso chimodzimodzi. Nsapato za kuntchito zikhale m'chikwama.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ulendo umodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Imwani kapu imodzi ya madzi musananyamuke. Ngati mwadya nsima, dikirani ola limodzi kapena awiri, poti magazi ambiri amakhala ali kumimba. Nthochi imodzi kapena tiyi ndi kachidutswa ka mbatata sizivuta.

Mphindi 5 zoyamba yendani ngati mukupita kwa aneba. Mitsempha imafuna nthawi kuti itseguke, ndipo kuyamba ndi liwiro thupi lili lozizira ndiko kumabweretsa kubanika ndi kukokana kwa minofu. Kenaka onjezani liwiro mpaka mufike pa mapazi 25 pa masekondi 15. Mutu ukhale chilili, mapewa omasuka, zigongono zopindika, manja akuyenda kutsogolo ndi kumbuyo osati mopingasa pamimba. Chidendene chiyambe kugunda pansi, phazi ligudubuzike, zala zikankhe. Ambiri akafuna liwiro amatalikitsa mapazi, kumene kuli kulakwitsa: phazi likatera kutali kutsogolo limagwira buleki ndipo limapweteketsa msongolo. Liwiro limachokera pa kuponda pafupipafupi.

Mukakumana ndi wodziwana naye, moni ndi wofunika, koma mupatseni mukuyenda: "Mwadzuka bwanji achimwene, tiyeni tiperekezane, ndili pa masewera." Ambiri amamvetsa, ena amatsagana nanu. Podikira kuwoloka msewu pondanipondani pamalo pomwepo.

Mphindi 5 zomaliza bwererani ku liwiro la kwa aneba lija. Musaime mwadzidzidzi n'kukhala pansi kapena kukwera minibasi. Poyenda, akatumba amathandiza kukankhira magazi kumtima, ndiye mukaima kamodzin'kamodzi magazi amatsalira m'miyendo, BP imagwa, chizungulire n'kubwera. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa omwa mankhwala a BP monga amlodipine ndi enalapril. Mukafika, gwirani khoma, bwezani mwendo umodzi kumbuyo chidendene chili pansi, muwongole katumba kwa masekondi 30, mbali zonse ziwiri.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuwonjezera

Kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali osachita masewera, masabata 8 ndi okwanira kufika pa mlingo wa WHO. Sabata yoyamba ndi yachiwiri yendani mphindi 10 mpaka 15, masiku atatu kapena anayi, m'misewu ya Area 3 kapena pena paliponse pafulati. Yachitatu ndi yachinayi fikani mphindi 20, masiku anayi. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi mphindi 25, masiku 5, ndipo awiri mwa masikuwo akhale a Glyn Jones Road. Masabata awiri omaliza mphindi 30, masiku 5, limodzi la chitunda cha ku Crossroads. Mphindi zimenezi ndi za ndawala zokhazokha, zoyambira ndi zomalizira zija n'zapadera.

Wonjezerani chinthu chimodzi pa nthawi: nthawi, kapena liwiro, kapena chitunda. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mitsempha ya m'mapazi ndi mawondo, ndiye pa sabata yachitatu munthu amadzimva wamphamvu n'kuwirikiza zonse, sabata yachinayi ali chigonere ndi bondo lotupa. Mukadumphitsa sabata yathunthu chifukwa cha maliro kapena ulendo, bwererani pa mlingo wa sabata ya m'mbuyo. Mukadwala malungo kapena chimfine chotentha thupi musayende mpaka kutentha kutatha ndipo mphamvu zabwerera.

Kawiri pa sabata onjezani zolimbitsa minofu, zomwenso WHO imalimbikitsa. Kukhala ndi kudzuka pampando osagwira ka 10, kunyanyamphira pa zala ka 15 mutagwira khoma, ndi kukankha khoma ndi manja ka 10, zonsezi maulendo awiri. A zaka 65 kupita m'tsogolo aziyeseranso kuima ndi mwendo umodzi masekondi 20 ali pafupi ndi chogwira, kuti asamagwe pa njira zokumbikakumbika.

Zimene zimavuta, ndi chifukwa chake

Matuza amabwera ndi kukhuzana pakhungu lonyowa. Sokosi za thonje zikanyowa ndi thukuta sizichedwa kuyambitsa zimenezi. Pakani Vaseline pamalo pofiira musanavale, kapena matanipo pulasitala. Thuza likatuluka musalibowole. Odwala shuga aziyang'ana mapazi tsiku lililonse akavula nsapato, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa shuga amapha mitsempha yomvera ululu ndipo kabala kosamveka kamatha kukula mpaka kufika podula phazi. Bala lililonse la paphazi la wodwala shuga ndi la kuchipatala.

Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwabwinobwino ndipo kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Ululu wolasa pamalo amodzi, wa m'bondo kapena m'kakolo, umene ukukula mukamayenda, ndi wofunika kupuma. Palinso ululu wina wofunika kuudziwa: katumba amagwira ngati chitsulo mukayenda mtunda womwewomwewo, mukaima mphindi zochepa n'kusiya, mukayambanso n'kubwerera. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro chakuti mitsempha ya magazi ya m'miyendo yaphinjika, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala shuga. Kauzeni adokotala.

Shuga kutsika kwambiri kumachitikira obaya insulini ndi omwa glibenclamide, makamaka akayenda osadya. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka. Imani, idyani maswiti aja kapena imwani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, dikirani mphindi 15, ndipo ulendo wa tsikulo uthere pomwepo. Omwa metformin yekha sizichitikachitika. Omwa HCTZ, kamankhwala ka BP kokodzetsa kaja, amataya madzi ambiri, choncho m'nyengo yotentha asaiwale botolo. Mkodzo wachikasu kwambiri ukutanthauza kuti madzi achepa. Koma amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsatire mlingo anapatsidwawo.

Msampha waukulu wa Old Town uli kumapeto kwa ulendo. Kulikonse kumene mungathere pali chiwaya, mandasi ndi zoziziritsa kukhosi. Kuyenda mphindi 30 kumatentha makalori pafupifupi 120 mpaka 150, ndipo botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, amene amabweza pafupifupi zonsezo. Tchipisi cha pachiwaya chimabwera ndi mafuta obwerezabwereza ndi mchere wowaza ndi dzanja, pomwe WHO imati mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, supuni imodzi ya tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo. Mukamva njala, ku Lizulu kuli nthochi, mapapaya ndi zipatso za nyengo yake, ndipo mtedza wosathira mchere kapena chimanga chootcha n'zabwino. Sikelo ikapanda kusuntha mwezi woyamba musataye mtima. BP ndi shuga zimasintha thupi lisanayambe kutsika, ndipo lamba wa m'chiuno amaonetsa kusintha msanga kuposa sikelo.

Pamene muyenera kuima nthawi yomweyo

Imani ndipo mupemphe thandizo ngati mukumva kupweteka, kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa, makamaka kukamafalikira ku mkono, phewa, khosi kapena nsagwada. Chimodzimodzi kubanika koposa liwiro limene mukuyenda, thukuta lozizira ndi nseru, mtima kugunda mosalongosoka, kapena kuona mdima. Kwa amayi, okalamba ndi odwala shuga, vuto la mtima nthawi zina silibwera ndi ululu wa pachifuwa, limangobwera ngati kufooka kwadzaoneni, kubanika kapena kutentha pamtima kokhala ngati chilungulira. Khalani pansi motsamira, masulani zothina. Zikapitirira mphindi zochepa, pezani galimoto ikutengereni ku Kamuzu Central Hospital. Musayende wapansi, musadziyendetsere galimoto, ndipo musakwere kabaza poti mukhoza kukomoka panjira.

Mukaona mnzanu pakamwa papotoka, mkono umodzi wafooka kapena mawu akutuluka mosamveka, imeneyo ndi sitiroko. Onani nthawi imene zayambira kuti mukawauze achipatala, musamupatse madzi kapena chakudya chifukwa akhoza kutsamwa, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale zizindikirozo zitasiya zokha.

Kulemba ndi kuyezanso

M'kabuku kaja lembani tsiku, njira, ndi mphindi zimene mwayenda. Kamodzi pa sabata, m'mawa musanadzuke pabedi, werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Kwa akuluakulu ambiri kumakhala pakati pa 60 ndi 100, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu ya kuyenda nambalayi imayamba kutsika, chifukwa mtima wolimba umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Mukapeza m'mawa wina yakwera ndi 10 kuposa masiku onse, thupi latopa kapena mukuyamba kudwala, pumulani tsikulo. Chizindikiro china ndi malo otembenukira: pa mphindi 15 zomwe zija mudzaona kuti mukufika patsogolo pa pomwe munkabwerera sabata yoyamba.

BP muziyezetsa kamodzi pa mwezi, pa ola lofanana, musanayende kapena patatha mphindi zosachepera 30 mutamaliza. Manambala akatsika musasiye mankhwala panokha, chifukwa atsika ndi mankhwalawo pamodzi ndi kuyendako. Tengani kabukuko pa tsiku lanu la kuchipatala, adokotala aone manambala a miyezi itatu, ndipo ngati mwayamba kumva chizungulire podzuka pampando muwauze, popeza nthawi zina zimatanthauza kuti mlingo wa mankhwala ukufunika kuchepetsedwa.